Phunziro: Luso la Amisiri Omanga ndi Miyala

Kuwerenga: 1 Mafumu 6:7, 1 Petro 2:4-8

Amayi anzathu mwa Ambuye, tonse tikukumbuka namondwe wa Freddy wa mu Malichi 2023, amene anagwetsa nyumba zambiri m'boma lathu la Thyolo. Kuno ku Khonjeni timamanga pamalo otsetsereka, ndipo mvula imagwa yambiri. Tsono ndi bwino kuti ifenso tidziwe ntchito ya mmisiri wa miyala, pakuti ndalama zomangira timazipeza ndi thukuta m'minda ya tiyi.

Mpingo wathu uli ndi chitsanzo chabwino. Tchalitchi chachikulu cha St Peter's pa chilumba cha Likoma anayamba kuchimanga mu 1903, motsogozedwa ndi Frank George, ndipo chinapatulidwa mu 1911. Amisiri anagwiritsa ntchito miyala yolimba ya pachilumba pomwepo. Papita zaka zoposa 100, koma Akhristu akupempherabe momwemo.

Kodi mmisiri wabwino timamudziwa bwanji?

1. Amakumba maziko mpaka atapeza dothi lolimba.
2. Amasema mwala ndi hamala, nkuugoneka pa mbali yake yotakata. Miyala ikuluikulu amaiika pansi ndi m'makona.
3. Mwala umodzi amaukhazika pamwamba pa iwiri, kuti mipata isayang'anizane. Ikayang'anizana, khoma limang'aluka.
4. Sadalira maso okha. Amakoka chingwe ndi kuyeza ndi levulo.
5. Amasakaniza simenti ndi mchenga wopanda dothi, ndipo amathirira khoma masiku 7, chifukwa simenti imalimba ndi chinyezi.
6. M'khoma lotchinga dothi amasiyamo timabowo totulukira madzi.

Miyala ya kachisi wa Solomoni inkasemedwa kumalo okumbira komweko, ndipo pofika nayo ankangoiyala mwakachetechete. Ifenso Petro Woyera akutiyerekeza ndi miyala, ndipo wapangodya ndi Khristu. M'khoma, timiyala tating'ono ndi timene timatseka mipata kuti ikuluikulu isagwedere. Choncho mu Umodzi wa Amayi mulibe mayi wopanda ntchito, kaya ndi wamasiye, kaya sadziwa kuwerenga.

Mafunso okambirana

1. Kodi amisiri athu timawalipira pa nthawi yake? Nanga amayi anzathu ophwanya miyala m'mbali mwa msewu timawagula pa mtengo woyenera?
2. Ndi nyumba ya ndani mu mpingo mwathu imene tingatutire miyala dzinja lisanafike?

Pemphero

Ambuye Yesu, dalitsani manja a amisiri athu, ndipo mutimange pamodzi kuti tikhale nyumba yanu. Amen.