Kapinga wofiira sanafe: kusamala udzu wa pabwalo m'nyengo ya mwera

Mwera wayamba, ngalawa zambiri zili pamtunda, ndiye mpata woyang'ana pakhomo ulipo. Phunziro lathu lero ndi la kapinga.

Kuyambira Juni mpaka Ogasiti kapinga amafiira n'kusiya kukula. Ambiri tikaona choncho timati wafa, basi khasu kapena machesi. Ayi ndithu. Kauma ndi masamba okha. Mizu ndi timitsitsi toyanga pansi tija tili moyo, tikungodikira mvula. Kumbani pang'ono ndi chala: mukapeza mtsitsi woyera, wolimba, udzuwo ulipo.

Kuno kwathu, kuchokera ku Malindi mpaka ku Makawa ndi Monkey Bay, dothi lambiri ndi la mchenga. Mukapala bwalo kuti mbee, mwera umaulutsa fumbi kukalithira pa usipa uli pathandala ndi m'maso mwa ana. Chotsalacho mvula yoyamba imakokolola kupita nacho kunyanja, kumene matope amakwirira malo oswanirana chambo. Tonse tinaona mu 2024 nyanja itakwera: gombe lopanda udzu ndi bango silinachedwe kugumuka.

Nanga tichite chiyani? Choyamba, chikwakwa chipume. Ngati mwafuna kutchetcha, siyani udzu wotalika ngati zala zinayi, chifukwa ndi womwewo umaphimba nthaka kuti isaume msanga. Musawotche. Moto umadya zinyalala zomwe zikanasanduka manyowa, ndipo ndi mphepo ya masiku ano umalumphira padenga la mnansi.

Za madzi ndiye tikambe bwino, pakuti ovutika kutunga ndi amayi athu ndi ana. Kuwaza pang'onopang'ono tsiku lililonse n'kutaya mphamvu: madzi amathera pamwamba, mizu nayo imazolowera kukhala pamwamba. Kuli bwino kuthirira kamodzi pa sabata, m'mamawa, mpaka pansi panyowe. Ndipo sikuti tikatunge atsopano. Madzi otsukira mpunga ndi ndiwo zamasamba ndi abwino. Pamzikiti madzi a wudhu amangotayika kasanu pa tsiku. Kangalande kakang'ono kolozera pa kapinga kakwanira, ndipo matope a pakhomo lolowera atha. Koma madzi ofutsira usipa, ngati munathiramo mchere, asafike pa udzu. Mchere umapha, ndipo umakhalitsa m'nthaka.

Fetereza wa urea musungire chimanga. Pa nthaka youma amangotentha udzu. Ndowe za mbuzi kapena zitosi za nkhuku zowolerana bwino, zowazidwa mopyapyala mvula ikayandikira, n'zokwanira.

Mbuzi nazo, poti tikakolola zimayenda mwaufulu, zimadya mpaka kuzula. Minga kapena kampanda ka bango kamathandiza, ngakhale tikudziwa kuti mbuzi ya ku Mangochi siimva mpanda.

Pomwe padazuka kale musabzale pano. Phimbanipo ndi mapesi kapena udzu wouma, muziyang'anira chiswe, ndipo mu Disembala mvula ikakhazikika dulani timitsitsi kwa mnansi mubzale motalikana chikhatho chimodzi.