Phunziro la Mwezi Uno: Kuteteza Ogwira Ntchito Panja ku Mwera, Mphezi ndi Dzuwa

Cholinga cha phunziro

Pomaliza pa phunziro ili, mayi aliyense adziwe zoopsa zitatu za nyengo zimene zimagwera anthu ogwira ntchito panja kuno kwa Maganga, adziwe zizindikiro zake, ndiponso choyenera kuchita ngozi isanagwe ndi pamene yagwa.

Mawu oyamba

Amayi anzanga, kuno kunyanja chakudya chathu chimachokera panja. Abambo amagona pamadzi ndi nyali kufuna usipa. Amayi amayanika nsomba pa thandala ku Senga Bay, ena amalima mpunga ku Lifuwu. Anyamata ali pa kabaza, ena akuumba njerwa, ana akuweta ng'ombe. Onsewa alibe denga pamutu pawo. Chaka chathu chili ndi zoopsa zitatu, ndipo chilichonse chili ndi miyezi yake. Tikadziwa miyeziyo, tingathe kukonzekera.

1. Mwera: Meyi mpaka Seputembala

Mwera ndi mphepo yochokera kummwera. Nyanja yathu ndi yaitali makilomita oposa 500, choncho mphepo imathamanga pamwamba pa madzi popanda phiri kapena mtengo woitchinga, ndipo mafunde amakula msanga. Pa 30 Julayi 1946 sitima ya Vipya inamira pa namondwe kufupi ndi Chilumba, ndipo anthu 145 anafa. Ngati sitima yachitsulo inagonja, nanga bwato la mtengo?

Nthambi ya boma yoona za nyengo imachenjeza za mwera pa wailesi. Vuto nthawi zambiri si kusamva chenjezo, koma njala ndi ngongole. Mwini boti akufuna nsomba kuti abweze ndalama ya mafuta. Msodzi waganyu akapanda kulowa m'madzi salandira kanthu. Pakhomo ife tikufunsa kuti, "Nanga bambo, lero tidya chiyani?" Mawu amenewa angathe kukankhira munthu pa mafunde. Ndi chifukwa chake kusunga ndalama pang'ono ku banki m'khonde pamene usipa ukuphedwa bwino ndi njira imodzi yotetezera moyo. Banja limene lili ndi ufa wa masiku atatu lingathe kudikira kuti mphepo igone.

Tiwakumbutse asodzi athu izi:

- Asalowe m'madzi chenjezo la mwera likaperekedwa.
- Avale jekete yoyandamitsa. Ngati palibe, amangirire m'bwato zigubu zopanda kanthu zotseka bwino, zoti munthu n'kugwira.
- Asadzaze bwato mopitirira, ndipo asamwe mowa popita kunyanja.
- Anene kunyumba dera limene akupita ndi nthawi yobwerera. Foni aimange m'pepala la pulasitiki.
- Bwato likagudubuka, aligwiritse osalisiya. Bwato limayandama ndipo limaoneka patali, koma mutu wa munthu wosambira suoneka pa mafunde.

Munthu wovuulidwa m'madzi usiku wa Juni kapena Julayi amakhala atazizidwa kwambiri. Mvuleni zonyowa, mufunditseni bulangete, ndipo ngati ali maso mpatseni tiyi kapena phala lotentha. Musampatse kachasu. Mowa umachititsa munthu kumva ngati wafunda, pamene thupi lake likutaya kutentha.

2. Mphezi: Novembala mpaka Epulo

Mphezi ndi magetsi amene amasonkhana m'mitambo ya mvula ndi kutsikira pansi. Kawirikawiri imagwera chinthu chimene chatalika kuposa zinzake pamalopo. Pa dimba la mpunga chinthu chachitali ndi mayi amene waimirira ndi khasu. Panyanja ndi msodzi ali m'bwato. Kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2012 anapeza kuti m'boma la Nkhata Bay, kunyanja komweku, imfa za mphezi zinali zambiri kuposa za m'maiko ambiri.

Pali njira yapafupi yodziwira kutalika kwa mphezi. Mukaona chiphaliwali, yambani kuwerenga mpaka mumve bingu. Masekondi 3 aliwonse ndi pafupifupi kilomita imodzi. Bingu likamveka musanafike pa 30, ngozi ili pafupi, siyani ntchito. Bwererani patapita mphindi 30 chimvekereni bingu lomaliza.

Tithawire kuti? M'nyumba yolimba ya njerwa, n'kukhala pakati, kutali ndi khomo ndi mawindo, kapena m'galimoto yotseka ya denga lachitsulo. Pansi pa mango kapena mlambe ndi malo oopsa kwambiri. Chisakasa cha udzu cha kudimba chimatchinga mvula koma sichitchinga mphezi. Ngati nyumba ili kutali, tulukani m'madzi, ikani khasu pansi, chokani pa chulu, ndipo musaunjikane malo amodzi, kuti wina akavulala ena athe kumthandiza.

Ambiri amaopa kukhudza munthu womenyedwa ndi mphezi. Dziwani kuti magetsi satsala m'thupi mwake. Mgwireni msanga. Ngati sakupuma, mgonekeni chagada ndi kukanikiza pakati pa chifuwa ndi manja awiri mwamphamvu, maulendo 100 mpaka 120 pa mphindi, pamene wina akufuna galimoto. Mphindi zimene zimatayika pokangana kuti ndani watumiza mphezi ndi zomwe zikanapulumutsa moyo, ndipo mkangano wotero umathera pa agogo osalakwa.

M'boma lathu lomweli muli chitsanzo chabwino. Pa chilumba cha Mbenji, kwa Makanjira, usodzi umatsekedwa kuyambira Disembala mpaka Epulo, mwambo umene unayamba m'zaka za m'ma 1950. Nsomba zimaswana mwamtendere, ndipo asodzi sakhala pachilumbapo miyezi ya mabingu. Anthu akagwirizana ndi mfumu yawo, lamulo limagwira ntchito.

3. Dzuwa: Seputembala mpaka Novembala

Mu Okutobala kutentha kuno ku Salima nthawi zina kumapitirira madigiri 35. Thupi limadziziziritsa ndi thukuta, ndipo thukuta limatuluka ndi madzi pamodzi ndi mchere. Munthu akapanda kubwezera, amayamba kumva mutu, chizungulire, nseru ndi kukokana kwa minofu. Mkodzo umachepa ndi kufiira. Mayi wowamba nsomba pa moto masana ali pakati pa moto uwiri.

Wogwira ntchito yolemetsa amwe kapu ya madzi mphindi 20 zilizonse, asadikire ludzu. Ntchito ya khasu ndi ya njerwa iyambe m'bandakucha, ilekeke cha m'ma 10 koloko, ipitirire dzuwa likapendeka. Chipewa chachikulu ndi chovala chopepuka cha manja aatali zimathandiza. Amayi oyembekezera, okalamba ndi ana obereka kumbuyo amafooka msanga. Mwana agonekedwe pa mthunzi ndipo ayamwe pafupipafupi. Abale athu achialubino asapatsidwe ntchito ya padzuwa masana, chifukwa dzuwa limawabweretsera khansa ya pakhungu.

Wofooka ndi dzuwa mkhazikeni pa mthunzi ndi kumpatsa Thanzi. Ngati palibe, sungunulani masupuni aang'ono 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere m'lita imodzi ya madzi aukhondo. Koma akayamba kubwebweta, kudzandira kapena kukomoka, moyo wake uli pa chiswe. Mthireni madzi thupi lonse, mkupizeni, ndipo thamangani naye ku chipatala chapafupi. Wokomoka musamumwetse kanthu.

Madzi akumwa akhale owiritsa kapena othira mankhwala. Kolera wa 2022 ndi 2023 anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo madera a m'mbali mwa nyanja anakhudzidwa kwambiri. Kutunga m'nyanja n'kumwa pomwepo ndi kuthawa vuto lina n'kulowa m'linzake.

4. Udindo wa wolemba ntchito

Lamulo la dziko lino la 1997 loona za chitetezo ndi umoyo pa ntchito limapereka udindo kwa wolemba ntchito kuti ateteze antchito ake. Lamulo la ntchito la 2000 limaletsa kulemba mwana wosakwana zaka 14. Komabe asodzi ndi aganyu ambiri alibe pepala lililonse la mgwirizano, choncho chitetezo chawo chili m'manja mwa mwini boti, komiti ya kudoko, mfumu ndi ife.

Tisaiwale kuti enafe ndife mabwana. Tili ndi mabwato, timalemba aganyu kumunda, timatuma ana ku ziweto. Mayi amene amadula malipiro a waganyu chifukwa anathawa mabingu akumuphunzitsa kuti mawa asathawe. Madzi akatayika saoleka.

Mafunso okambirana m'magulu

1. Ndi ntchito ziti za panja zimene anthu a pabanja lanu amagwira, ndipo mwezi woopsa kwa aliyense ndi uti?
2. Banja lingakonzekere bwanji masiku amene bambo sangathe kulowa m'nyanja?
3. Ku dimba kapena kudoko kwanu, nyumba yothawirako mphezi ili kuti?
4. Tingayankhe bwanji mwaulemu munthu amene akuletsa kukhudza womenyedwa ndi mphezi?

Ntchito ya mwezi uno

Gulu lililonse lisankhe amayi awiri omvera za nyengo pa wailesi ndi kufikitsa chenjezo kudoko. Amayi atatu akakumane ndi komiti ya kudoko kukambirana za majekete oyandamitsa. Mupemphenso mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu kuti adzationetse ndi manja kakanikizidwe ka chifuwa. Alembi a magulu abweretse malipoti pa msonkhano wa mwezi wamawa.