Azakhali akuyankha: Wotchi si mphika, mwanangu

Mwanangu wa ku London, kalata yako ndaiwerenga kawiri, kachiwiriko ndikupukuta misozi ya phwete. Ukuti bambo a ana ako atha sabata osakuyankhula chifukwa unatenga wotchi yawo yakale yokandikakandika n'kuikwecha mpaka mbee, ngati mphika wa mtengwa. Ndife tinakuphunzitsani kuti chachitsulo chilichonse m'nyumba chiziwala, ndiye mlanduwu tigawana. Komabe, iwe, chinthu cha mwini osafunsa?

Anthu otolera mawotchi akalewa ali ndi mutu wawowawo. Kwa iwo zikande ndi imvi, zimapatsa ulemu. Wotchi ikapalidwa, makona ake amafufutika ndipo mtengo umagwa. Uthokoze kuti unakwecha yotchipa mwa wotchi zawo zinayi. Pita ukapepese, usachite kudikira mpaka mawa.

Koma chimene chikukusowetsa tulo ndachiona m'munsi mwa kalata, pamene walemba mothamanga: akufuna kugulitsa nyumba ya ku Blantyre kuti agule wotchi ya Royal Oak ya kalendala. Apa ndasiya kuseka.

Tisanawaweruze, tidziwe chawatenga mtima. Royal Oak ndi ya Audemars Piguet a ku Switzerland. Anaijambula ndi Gérald Genta, inatuluka mu 1972, yachitsulo koma yodula ngati yagolide. Mu 1984 a Audemars Piguet anaiwonjezera kalendala yosalakwitsa. Mkati mulibe batire, ndi timagiya tokhatokha, koma imadziwa mwezi wa masiku 30 ndi wa 31, imakumbukiranso kuti Febuluwale amafika pa 29 kamodzi pa zaka zinayi. Ikamayenda osaima, deti lake silifuna dzanja la munthu mpaka 2100, chaka chimene sichidzakhala ndi 29 Febuluwale. Luso lilipo, tisanyoze. Kungoti pofika 2100, iwe, ine ndi amuna akowo tidzakhala titasanduka chulu, ndipo adzukulu sadzagona mu wotchi.

Ndiye uchite chonchi. Ukapepesa, usayambe ndi nyumba. Uwaphikire nsima, adye, kenako uwapemphe akuonetse mawotchiwo imodzi ndi imodzi. Mwamuna amene akusekedwa amabisa malisiti, koma amene akumvetseredwa amaulula yekha mitengo. Manja ako akhale pamiyendo. Makamaka usapotokole kachitsulo kam'mbali kusintha deti usiku, kuyambira cha m'ma 9 koloko mpaka 3 koloko m'bandakucha, chifukwa nthawi imeneyo timagiya ta kalendala timakhala titalumana, ndipo timathyoka.

Akamasuka, funsa mafunso ako mofatsa ngati wosadziwa kanthu. Kodi Royal Oak akuifunayo ili ndi bokosi lake ndi mapepala ake? Kodi waitsegula mmisiri wina, wosakhala mnzake wa wogulitsayo? Chikomekome cha mkuyu, mwanangu. Mawotchi akale ambiri kunja amaoneka bwino, mkati muli zitsulo zotoleza uku ndi uku, pena nkhope yake ndi yosintha, ndipo tsiku logulitsa ndi pamene munthu amalira. Funsanso za kukonzetsa, poti walira mvula walira matope: pakapita zaka zingapo imafuna kumasulidwa yonse ndi kuthiridwa mafuta, ndipo amisiri a kalendala zoterezi ndi ochepa, salipiritsa ngati okonza njinga. Pali inshuwalansi. Palinso anyamata a m'misewu ya London amene amathyola wotchi pamkono dzuwa likuswa mtengo. Ndipo ngakhale amati ndi ya masewera, timalabala take totchinga madzi tinakalamba, asakasambe nayo.

Mawu ako omaliza akhale amodzi: akaifuna, agulitse zinayi zija, asunge ndalama, adikire. Nyumba ndi ya ana, siikhudzidwa. Akaumirira, ankhoswe alipo, WhatsApp imafika ku Blantyre.

Ndikudziwa kuti zimapweteka kuona mwamuna akusisita chitsulo iwe uli pomwepo. Koma ine ndaona zambiri, mwana wanga. Amuna ena amatolera zinthu zoyankhula, zofuna lendi ndi mayunitsi. Mkazi mnzakoyu amagona m'bokosi ndipo sadya ndiwo.

Akadzakuonetsa chithunzi cha wotchi akuilotayo, ndi kamwezi kamene kamatuluka pankhope pake, uyamikire kaye ndithu. Ukatero uwafunse deti limene munakwatirana, ndipo undilembere zimene ayankhe.