Magazi pa mswachi: nkhondo imene imachitika m'nkhama zanu

Ndili Fomu 2 kusukulu yogonera komweko, pafupifupi m'mawa uliwonse ndinkalavula thovu lofiirira potsuka mano. Ndinkaganiza kuti mswachi ndi umene ukundibaya, ndiye ndinayamba kulambalala malo otuluka magaziwo. Magazi anangowonjezeka. Panapita zaka kuti ndimvetse chimene chinkachitika, ndipo yankho lake linali mu Chemistry.

Dulani peyala, theka mulisiye pambale. Pakapita kanthawi mudzapeza lada. Khasu logona pamvula limachita dzimbiri. Zonsezi ndi oxidation, imene m'kalasi timati ndi kutaya ma elekitironi. Theka linalo mulifinyire ndimu. Lichedwa kuda, ndipo china mwa zifukwa zake ndi vitamini C wa m'ndimumo, amene amapereka ma elekitironi ake m'malo mwa peyala. Chinthu chogwira ntchito yotereyi ndicho antioxidant.

M'thupi mwathu namonso muli timamolekyulu tolusa totchedwa ma free radical. Tili ndi elekitironi yopanda inzake, choncho timalanda elekitironi pa chilichonse chimene takumana nacho, kaya ndi khungu la selo, puloteni kapena DNA. Tina timapangika maselo akamagwiritsa ntchito okosijeni potulutsa mphamvu m'chakudya. Koma tina thupi limatipanga dala, ngati chida.

Apa ndi pamene nkhama zikubwera. Mukapanda kutsuka bwino, mabakiteriya amamanga utoto woterera m'mphepete mwa dzino, pamene limakumana ndi nkhama. Utotowu ndi plaque. Thupi limatumizako maselo oyera a magazi otchedwa ma neutrophil, ndipo iwo amathira adaniwo ma free radical ndi hydrogen peroxide. Vuto ndi lakuti chidachi sichisankha. Zili ngati kuyatsa tchire pofuna mbewa: mbewa zifa ndithu, koma mphepo ikatembenuka, nkhokwe nayo ipsa. Nkhondo ya tsiku limodzi nkhama zimapirira, chifukwa malovu ali ndi ma antioxidant ake, makamaka uric acid. Koma plaque ikakhala pomwepo milungu ndi miyezi, ma free radical amachuluka kuposa zowazimitsa. Kupendekeka kwa sikelo kumeneku ndiye oxidative stress. Nkhama zimatupa, zimafiira, zimatuluka magazi. Zikapitirira kwa zaka, ulusi womangirira dzino ndi fupa lolizungulira zimadyeka, dzino n'kuyamba kugwedera ngakhale lilibe bowo.

Mwaona kulakwa kwanga? Polambalala malo a magazi, ndinkasiya plaque pamalo penipeni pamene nkhondo inakolera.

Vitamini C ali ndi ntchito inanso: popanda iye thupi silingapange collagen wolimba, puloteni imene imagwira nkhama ndi timitsempha ta magazi. Mbuzi ndi agalu amadzipangira okha vitamini ameneyu, ife anthu ayi, mpaka tidye. Amalinyero akale anaphunzira izi mowawa. Pa ulendo wa Vasco da Gama wa 1497 mpaka 1499, anthu ake ambiri anatupa nkhama n'kufa ndi matenda a scurvy, chiseyeye choopsa chobwera munthu akakhala miyezi osadya zipatso kapena ndiwo zamasamba. Mu 1747, dokotala James Lind anatenga amalinyero 12 odwala, n'kuwagawa awiriawiri, gulu lililonse mankhwala ake. Awiri amene anapatsidwa malalanje ndi mandimu ndi amene anachira msanga.

Ife sitifunika kudikira malalanje. Pa kulemera kofanana, gwafa ali ndi vitamini C wochuluka pafupifupi kanayi kuposa lalanje, ndipo gwafa mmodzi wakupsa amakwanira tsiku lonse. Malambe, mapapaya, mango, tomato, bonongwe ndi chisoso zonse zimathandiza. Chenjezo lili kukhitchini: vitamini C amawonongeka ndi moto wautali komanso soda. Therere lothira soda ndimalikonda, sindinama, koma vitamini C wake ndisawerengere.

Fodya amapendeketsa sikelo mbali zonse ziwiri. Utsi wake umabweretsa ma free radical ambirimbiri, komanso umatha vitamini C wa m'thupi. Choipa kwambiri, chikonga chimafinya timitsempha ta m'nkhama, moti wosuta akhoza kukhala ndi nkhama zodwala kwambiri koma osaona magazi omuchenjeza.

Koma musapusitsidwe ndi mawu oti antioxidant olembedwa pabotolo la juwisi. Zambiri mwa zakumwazi zadzaza shuga, chakudya cha mabakiteriya omwe aja. Nawonso mandimu ndi malambe ali ndi asidi, ndipo chikuto cholimba cha dzino chimayamba kusungunuka pH ikatsika kufika cha pa 5.5. Mukamung'unya malambe, chukuchani m'kamwa ndi madzi, ndipo dikirani kaye mphindi 30 musanagwire mswachi.

Ndipo magwafa, ngakhale mutadya dengu lonse, sangachotse plaque. Imeneyo imachoka ndi mswachi wofewa, kawiri pa tsiku, mphindi ziwiri, mopendeketsa kuti ukhudze m'mphepete mwa nkhama, makamaka pamene pakutuluka magazipo. Ine nditayamba kutero, magazi anasiya pasanathe milungu iwiri. Anu akapitirira kuposa pamenepo, kapena dzino likamagwedera, pitani kwa dokotala wa mano, chifukwa plaque ikauma n'kusanduka tartar, mswachi suithanso.