Mwana Amene Sankavuta

Pakhomo pa ana ambiri sipalephera kupezeka mmodzi amene makolo amamutama kuti, "Uyu yekha ndiye savuta." Amalawira kudzuka, akatumidwa sawiringula, ena akayambana ndiye amaleretsa. Makolo sada naye nkhawa ngakhale pang'ono. Fanny Imlay, mtsikana wa ku England amene anamwalira mu 1816 ali ndi zaka 22, anali mwana wotere. Koma kuti imfa yake imveke, nkhani iyenera kuyambira kwa mayi ake.

Mayi akewo anali Mary Wollstonecraft, wobadwira ku London mu 1759. Bambo ake a Mary anasiyiridwa chuma chambiri ndi makolo awo, koma anachimwaza ndi ulimi wosapindula komanso mowa, ndipo akaledzera ankamenya mkazi wawo. Mary ali mtsikana ankagona pansi pakhomo la chipinda cha mayi ake kuti bambowo akabwera ndi ukali ayambe akumana ndi iyeyo. Chomvetsa chisoni n'chakuti mayi amene ankawatchinjirizawo mtima wawo unali pa mwana wawo woyamba, wamwamuna. Mary anakula akudziwa kuteteza ena, iye mwini wopanda womusamala.

Atakula anayamba kulemba mabuku. Mu 1792 anatulutsa buku lotchedwa A Vindication of the Rights of Woman, mmene ananena kuti mtsikana aziphunzitsidwa kuganiza mofanana ndi mnyamata. Mfundo yake inali yoti mkazi amene anangophunzitsidwa kudzikongoletsa ndi kusangalatsa mwamuna sangakhale mnzake weniweni wa mwamunayo, ndiponso sangalere ana mwanzeru. Anatinso chikondi chotentha cha masiku oyamba chimazirala, ndipo banja limene limakhalitsa ndi lomangidwa pa ubwenzi ndi kulemekezana. Anadzudzulanso makolo amene amafuna kuti ana aziwamvera popanda kufunsa, pamene iwo sanawaonetsepo chikondi.

Kulemba nzeru n'kwina, kuzitsata mtima ukagwa m'chikondi n'kwinanso. Kumapeto kwa chaka chomwecho Mary anapita ku Paris, dziko la France lili pa chipwirikiti chachikulu cha ndale. Kumeneko anakondana ndi Gilbert Imlay, wamalonda wa ku America. Nkhondo itabuka pakati pa France ndi Britain mu 1793, nzika za Britain zinayamba kumangidwa, choncho Imlay anakamulembetsa ku ofesi ya kazembe wa America ngati mkazi wake. Ukwati weniweni panalibe. Pa 14 Meyi 1794, mumzinda wa Le Havre, Fanny anabadwa. Mary anamuyamwitsa yekha, pa nthawi imene amayi ambiri opeza bwino ankapereka makanda kwa akazi ena olipidwa kuti aziwayamwitsira. Khandalo litadwala nthomba, mayi ake analidwazika mpaka kuchira.

Imlay sanachedwe kutopa. Ananyamuka ulendo wa ku London, ati kukaona malonda, mayi ndi mwana n'kutsala akudikira makalata. Mu 1795 Mary anamulondola, koma anapeza mtima wa mwamunayo utachoka kale. Anayesa kudzipha, anthu n'kumupulumutsa. Kenako Imlay anamutuma ku Sweden, Norway ndi Denmark kukalondola katundu wake amene anasowa ndi sitima ya pamadzi. Mary anavomera, poganiza kuti mwina akamutumikira chotere mtima wake ubwerera. Ananyamuka ulendowo ndi mwana wa chaka chimodzi komanso wantchito mmodzi wamkazi. Pobwerako anapeza Imlay ali ndi mkazi wina. Mu Okutobala chaka chomwecho anadziponya mumtsinje wa Thames kuchokera pa mlatho wa Putney, koma anthu anamuvuula ali moyo. Mkazi amene analangiza dziko lonse za ubwenzi m'banja anali kupemphetsa chikondi pakhomo la munthu amene analibe choti amupatse. Imlay analonjeza kuti azithandiza mwana wake, koma lonjezolo linathera pakamwa.

Mary anadzapeza mtendere kwa William Godwin, mlembi wotchuka wa nkhani za ndale ndi nzeru za moyo. Anakwatirana pa 29 Malichi 1797. Pa 30 Ogasiti anabereka mwana wamkazi, amene anamutchanso Mary, koma uchembere sunayende bwino ndipo pa 10 Seputembala anamwalira ali ndi zaka 38. Fanny anali ndi zaka zitatu. Munthu yekhayo amene ankamukonda ndi mtima wonse anapita.

Tisamunamizire Godwin. Sanamutaye mwanayo. Anamupatsa dzina lake, anamudyetsa, anamuveka, anamuphunzitsa kuwerenga mabuku akuluakulu. Pamaso pa anthu anakwaniritsa mwambi uja wakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Koma mu 1798 anasindikiza buku la mbiri ya mkazi wake, n'kuulula zonse: za Imlay, za kuyesa kudzipha kuja, komanso zoti Fanny anabadwa popanda ukwati. Iye ankati akulemekeza malemuyo ponena zoona, koma dziko lonse linadziwa kuti kamtsikanako n'kapathengo kasanafike ngakhale pa msinkhu wodziwa kuwerenga.

Mu Disembala 1801 Godwin anakwatira Mary Jane Clairmont, amene anabwera ndi ana ake awiri, Charles ndi Claire. Mu 1803 kunabadwa William. Ana anakwana asanu pakhomo limodzi. Tawerengani bwino: Charles ndi Claire anali ndi mayi awo, Mary anali ndi bambo ake, William anali ndi onse awiri. Fanny yekha ndiye anali wopezedwa mbali zonse. Banjali linatsegula shopu ya mabuku a ana, imene inadzakhazikika pa Skinner Street, koma ngongole sizinkachoka pakhomo. Fanny anadziwa msanga kuti nsima imene akudya ndi yachisomo, choncho anasankha kukhala wosavuta. Anakhala ngati limodzi mwa mafuwa: mphika ukhazikike bwino ndi iye, koma moto wonse uli pa iyeyo.

Pa 28 Julayi 1814, Mary ali ndi zaka 16, anathawa ndi mlakatuli Percy Bysshe Shelley, mwamuna wa mwini, amene anasiya mkazi wake Harriet ali ndi mwana wamng'ono komanso pakati. Claire anathawa nawo limodzi. Godwin anakwiya n'kukana kuonana ndi mwana wake. Komabe ndalama za Shelley ankazifuna, poti mnyamatayo anali wa kubanja lolemera ndipo anali atalonjeza kumuthandiza pa ngongole. Tsono ndani akanayenda pakati pa nyumba ziwiri zosalankhulanazi? Anali Fanny. Ndiye ankapititsa mauthenga, ndiye ankalemba makalata okumbutsa za ndalama. Kunyumba ankamunena kuti akuikira kumbuyo othawawo. Kwa othawawo ankaoneka ngati kazembe wa makolo. Mayi ake omupezawo anafika pomuuza kuti m'bale wake ndi Shelley amangomuseka akakhala paokha, ndipo Fanny anadandaula za zimenezi m'kalata yopita kwa Mary.

Mu 1816 atatu aja anakacheza ku Geneva, n'kumugulirako wotchi ngati mphatso. Atabwerako anakakhala ku Bath, kumene ankabisa pakati pa Claire. Fanny sanaitanidwe. Kumayambiriro kwa Okutobala anachoka pakhomo mwakachetechete. Ali ku Bristol anatumiza makalata amene anachititsa mantha abale ake, koma pamene ankayamba kumufunafuna n'kuti atafika kale ku Swansea, m'dziko la Wales. Usiku wa pa 9 Okutobala, m'chipinda cha nyumba yogona alendo yotchedwa Mackworth Arms, anamwa mankhwala n'kumwalira. Anasiya kakalata kofotokoza kuti ankadziona ngati munthu wobadwa mwatsoka, amene moyo wake unkangozunzitsa anthu omusamala. M'kakalatamo sanadzudzule aliyense. Pa chovala chake cha m'kati panali zilembo M.W., zoyamba za dzina la mayi ake, ndipo wotchi ya ku Geneva ija anali nayo.

Masiku amenewo kudzipha unali mlandu ku England, ndipo banja la Godwin linali litatha kale ulemu ndi nkhani ya kuthawa kwa ana. Godwin anabwerera panjira, n'kulembera a ku Bath aja kuti asapite ku Swansea. Dzina la pa kakalata kaja linapezeka litang'ambidwa. Palibe wachibale amene anakatenga maliro kapena kukaima pamanda. Anthu ofunsa ankauzidwa kuti Fanny wapita ku Ireland, ena n'kudzauzidwa kuti anamwalira ndi matenda. Mu Disembala, Harriet nayenso anapezeka atamira m'nyanja yaing'ono ya ku Hyde Park. Pa 30 Disembala Mary ndi Shelley anamanga ukwati, Godwin alipo, udani wonse utatha. Miyezi itatu inali isanakwane chimwalirire Fanny. Ana amene anasokosa anakhululukidwa n'kubwerera m'manja mwa makolo. Amene sanavutepo anaikidwa ndi anthu osamudziwa.

Nkhaniyi inachitikira kutali, koma mwana wopezedwa ndi mwana wamasiye ali m'makomo mwathu momwemu, kwa amalume, kwa azakhali, kwa agogo, kwa mayi womupeza. Ndipo mawu amene timadzitchinjiriza nawo ndi odziwika: "Ndimamudyetsa, ndimamuveka, fizi ndimalipira. Akufunanso chiyani?" Godwin naye akanatha kuyankha chimodzimodzi, ndipo sakananama. Chimene Fanny anasowa sichinali chakudya. Anasowa munthu womuuza kuti akufunika pakhomopo, osati chifukwa cha ntchito zake, koma chifukwa cha iye mwini. Mwana amene amaona kuti amakondedwa pokhapokha akathandiza, tsiku limene walephera kuthandiza amadziona kuti ndi mtolo.

Pali chinanso chimene timachita osaganiza. Akuluakulu akasiya kulankhulana, mwana ndiye amasanduka mthenga. "Kawauze bambo akowo kuti ufa watha." "Kawauze mayi akowo kuti ndalama sindithyola mumtengo." Mwanayo amanyamula mawu aukali kupita nawo uku, n'kubwera ndi ena aukali kuposa, ndipo mbali zonse zimamukalipira ngati ndiye mwini mawuwo. Mikangano ya akuluakulu ili ndi ankhoswe ake. Musaisenzetse mwana.

Atsikana ndiwo amagwa kwambiri m'mbuna imeneyi, chifukwa kuyambira ali aang'ono timawayesa khalidwe ndi kukhala chete kwawo. Wofatsa timati ndi waulemu, wodandaula timati ndi wamwano, ndipo pa chilangizo cha ukwati timamaliza ndi mawu aja akuti banja ndi kupirira. Kupirira n'kwabwino pamene pali chikondi chochipiririra. Koma mtsikana amene sanamvepo mawu okoma kwa bambo kapena mayi ake amatha kutsata mwamuna woyamba womulankhula mokoma mpaka kuphompho, monga anachitira Mary Wollstonecraft ndi nzeru zake zonse zija. Apo ayi amangodzikwirira mumtima, monga anachitira mwana wake.

Choncho inu amayi, inu abambo, inu amalume olera ana a alongo anu, musadikire kuti mwana avute kaye ndiye mumuone. Wofatsayo muyitaneni nthawi zina popanda chomutuma. Mufunseni mmene tsiku lamuyendera, ndipo mudikire yankho. Mukamva akunena kuti, "Ine ndimangokuvutitsani," kapena "Bola ndikanapanda kubadwa," musaseke ndipo musamukalipire kuti ndi wosayamika. Khalani naye pansi tsiku lomwelo, mumvetsere, ndipo ngati chisoni chake chikupitirira, pitani naye kuchipatala kapena kwa mlangizi amene iye amamukhulupirira. Mwana wosavuta naye amadwala mumtima, kungoti anazolowera kusakuuzani.