Phunziro: Kuteteza Mtedza ndi Chimanga ku Chuku

Alimi anzathu a ku Kaluluma, chuku chimayambira m'munda, ndipo chimakulira m'nkhokwe. Poizoni wake, aflatoxin, amayambitsa khansa ya chiwindi, amapinimbiritsa ana, komanso amakanitsa mtedza wanu pamsika. Kukazinga kapena kuphika sikumupha.

Kodi Aflasafe amagwira bwanji ntchito?
Aflasafe, wopangidwa ndi bungwe la IITA, ndi njere za mapira zokutidwa ndi chuku cha mtundu wopanda poizoni. Chuku chabwinochi chimafalikira msanga m'munda n'kulanda malo a chuku choipa. Chitetezocho chimapitirira mpaka m'nkhokwe.

Zoyenera kuchita
1. Palirani kaye, kenaka wazani makilogalamu 4 pa ekala imodzi nthaka ili ndi chinyezi.
2. Wazani kutatsala masabata awiri kapena atatu kuti mbewu ichite maluwa kapena ngayaye.
3. Musakwirire njerezo ndi dothi.
4. Mukakolola, umitsani bwino pa mphasa, osati pa dothi.
5. Musanyowetse mtedza poswa.
6. Chotsani wowola ndi wonyala musanasunge.

Ntchito ya gulu
Gawani munda wophunzirira pawiri. Wazani mbali imodzi yokha, ndipo mukakolola pemphani alangizi akuthandizeni kuyezetsa mbewu za mbali zonse ziwiri.