SITIROKO: THAMANGIRANI KUCHIPATALA UBONGO USANATUPE

Uthenga kwa mabanja a ku Kachulu, Chisi, Jali ndi midzi yonse ya kwa Mwambo ndi kwa Kuntumanji

Sitiroko n'chiyani?

Nthawi zambiri sitiroko imachitika magazi akaundana n'kutseka mtsempha wopita ku ubongo. Mbali ya ubongo imene yasowa magazi imayamba kufa, ndipo munthu amafa ziwalo. Si ufiti. Kawirikawiri gwero lake ndi BP, shuga, fodya, mowa, kapena HIV.

Zizindikiro zake zimabwera mwadzidzidzi

- Kamwa kupotoka
- Mkono kapena mwendo wa mbali imodzi kulefuka: msodzi kugwetsa nkhafi, mayi kulephera kugwira mthiko
- Lilime kulemera, mawu osamveka
- Kuona mwachimbuuzi kapena kudzandira

Vuto silithera tsiku loyamba

Dzanja likavulala limatupa. Ubongo nawonso umatupa ukavulala, koma uli m'chigaza, mopanda malo ofutukukira. Kutupako kumafinya mbali zoyandikana zimene zikanapulumuka, ndipo kumakula kwambiri pakati pa tsiku lachiwiri ndi lachisanu. N'chifukwa chake wodwala amene dzulo amayankhula, lero amangogona osadzuka. Kutentha thupi, shuga wokwera, malungo ndi chibayo zimawonjezera kuwonongekako.

Chitani izi

1. Kumbukirani nthawi imene zizindikiro zayamba. Adokotala adzafunsa.
2. Pezani galimoto nthawi yomweyo, ngakhale usiku. Ngati pali njinga yamoto yokha, wina akhale kumbuyo kumugwirira wodwalayo. A pa Chisi, musadikire kuti bwato lidzaze.
3. Pitani kuchipatala chapafupi, kumene angakutumizeni ku Zomba Central Hospital. Tengani buku lake la kuchipatala ndi mankhwala amene amamwa.
4. Podikira, mugonekeni chammbali, mutu ndi mapewa zili pamwamba pang'ono. Masulani zovala zothina.
5. Thupi likatentha, muchotseni zofunda ndipo mupukuteni ndi kansalu konyowa.

Musachite izi

- Musamupatse madzi, phala kapena thobwa achipatala asanaone ngati akumeza bwino. Chakudya chikalowera kumapapo chimayambitsa chibayo.
- Musamumwetse asipirini kunyumba. Sitiroko ina imabwera chifukwa mtsempha waphulika, ndipo asipirini amawonjezera kutaya magazi.
- Musagule bulufeni kapena indosidi pagolosale poganiza kuti aphwetsa ubongo. Mankhwala amenewa sachiza kutupa kwa sitiroko, ndipo angakweze BP.
- Musataye nthawi ndi kutema mphini. Ngakhale zizindikiro zitatha zokha, pitanibe kuchipatala: limenelo ndi chenjezo.

Kuchipatala akachita chiyani?

Akayeza BP, shuga, malungo ndi HIV, akatsitsa kutentha kwa thupi, ndipo akapereka madzi a diripi ngati akufunika. Wolephera kumeza amamudyetsa kudzera m'kachubu ka m'mphuno. Musakane kachubuka, kamateteza mapapo.

Akatuluka m'chipatala

- Amwe mankhwala a BP, a shuga kapena ma ARV tsiku lililonse, ngakhale akupeza bwino.
- Mukhazikeni tsonga podya, ndipo mupatseni chakudya chofewa pang'onopang'ono.
- Ngati sadzuka, mutembenuzeni maola awiri alionse kuti asachite zilonda.
- Muthandizeni kuwongola mkono ndi mwendo monga anakuphunzitsirani a fiziyo, achipatala othandiza kulimbitsa ziwalo.
- Agone m'neti, chifukwa udzudzu wa kunyanja kuno sutha.
- Chepetsani mchere. Bungwe la WHO limati munthu wamkulu asafike magalamu 5 patsiku, pafupifupi kasupuni ka tiyi kamodzi, kuphatikizapo wa m'matemba ndi ndiwo zina.

Akayamba kusinza kwambiri, kusanza, kukomoka, kutentha thupi kapena kutsamwa podya, bwererani naye kuchipatala tsiku lomwelo.

BP siimveka kuwawa. Inu amene muli bwino lero, kayezetseni kuchipatala chapafupi, ndipo funsani alangizi a zaumoyo a m'dera lanu.